Mabuleki a galimoto: mafunso omwe madalaivala a ku Thyolo ndi Mulanje amafunsa kawirikawiri

Mafunso awa ndimawamva pafupifupi sabata iliyonse pagalaja pathu pano pa Luchenza, ena kwa madalaivala a maminibasi oyenda pakati pa Limbe ndi Muloza, ena kwa eni ma Sienta ndi ma Probox, ena kwa aphunzitsi ndi anamwino omwe angogula kumene galimoto yawo yoyamba. Ndawasonkhanitsa pamodzi kuti musamadikire kukumana nane ndili chagada pansi pa galimoto.

Kodi ndikaponda buleki, chimachitika n'chiyani mkatimo?

Phazi lanu limakankha pedulo, pedulo n'kukankha kachitsulo kolowa mu booster, chija chooneka ngati mphika wakuda kuseri kwa injini, mbali ya dalaivala. Booster imachulukitsa mphamvu ya phazi n'kuipereka kwa master cylinder, yomwe imakankha brake fluid m'timapaipi mpaka ku matayala onse anayi. Kutsogolo kumakhala disiki, ndipo caliper imaipana ndi mapadi awiri, monga momwe malabala amapanira limu ya njinga yakapalasa. Kumbuyo, galimoto zambiri zomwe tili nazo kuno zili ndi madramu, momwe mashuzi awiri amatambasuka n'kukhuza mkati mwa dramulo.

Musunge zinthu ziwiri, chifukwa mayankho ambiri m'munsimu akutsamira pa zimenezi. Brake fluid siifinyika, koma mpweya umafinyika. Ndipo buleki siimeza liwiro ayi, imalisandutsa kutentha, kutenthako n'kumafunika kothawira.

Mabuleki anga akulira kuti tswiii. Ndide nkhawa?

Zitengera kuti akulira liti. Ngati amalira m'mamawa mokha galimoto ikagona panja pa mvula kapena pa chiperoni cha mu June ndi July, n'kusiya mukaponda kangapo, ndi dzimbiri lopyapyala lomwe limagwira disiki usiku. Limachoka lokha. Kamwala kolowa pakati pa disiki ndi chitsulo chake chotchinga nako kamachititsa phokoso loopsa, makamaka mukachokera m'misewu yafumbi ya m'maesiteti a tiyi, koma kamachoka mukabwerera m'mbuyo pang'ono kapena mukachotsa tayala.

Kulira kosalekeza ndiko kofunika kukumvera. Mapadi ambiri ali ndi kachitsulo kakang'ono komwe anakaika dala kuti kazikanda disiki padi ikatsala pang'ono kutha. Ndi belu limenelo. Mukalinyozera, phokoso limasintha n'kukhala khwerrr, ngati munthu akunola khasu pa mwala. Pamenepo chitsulo chikudya chitsulo chinzake, ndipo ntchito yomwe ikanatha ndi mapadi okha yasanduka ya mapadi ndi madisiki.

Ndingadziwe bwanji kuti mapadi atha? Amatha pa makilomita angati?

Za makilomita musandifunse. Minibasi yomwe imaima pa Bvumbwe, pa Thunga, pa boma la Thyolo, pa Luchenza, pa Chonde ndi pa Chitakale, kuphatikiza paliponse pomwe munthu wakweza dzanja, singafanane ndi galimoto ya abusa yotuluka Lamulungu lokha. Yang'anani ndi maso. Padi yatsopano imakhala ndi mnofu wa mamilimita 10 mpaka 12. Ukatsala mamilimita 3, sinthani. Onani padi yamkati ndi yakunja zonse, chifukwa yamkati ndiyo imakonda kutha mobisala, yakunja ikuoneka yonenepa. Zikadyeka mosiyana chotero, caliper yajama, ndipo nkhani yake ili pa funso la galimoto yokokera mbali imodzi.

Pedulo yafewa ngati siponji, kapena ikumira mpaka pansi. Chavuta n'chiyani?

Awa ndi matenda awiri osiyana. Yesani chonchi, galimoto itaima injini ikulira. Popani pedulo katatu kapena kanayi. Ikalimba mukapopa, n'kufewanso mukaisiya kanthawi, nthawi zambiri muli mpweya m'mapaipi, kapena mashuzi akumbuyo atalikirana ndi dramu ndipo akufunika kuwayandikizitsa. Koma mukaiponda n'kuigwira, iyo n'kumamira pang'onopang'ono pansi pa phazi lanu, ndiye kuti fluid ikuthawa penapake.

Fufuzani kunyowa kumbuyo kwa tayala lililonse, pansi pa madramu, pa mapaipi amphira opita ku caliper, ndi pomwe master cylinder yalumikizana ndi booster. Mukapanda kupeza dontho ngakhale limodzi, fluid m'kabotolo kake ka pamwamba pa master cylinder ili pomwepo, ndiye kuti malabala a mkati mwa master cylinder atha ndipo fluid ikungodutsana mkati momwemo. Galimoto yotere isanyamule munthu. Master cylinder inagawidwa zipinda ziwiri kuti mbali imodzi ikabooka inayo ikuimitseniko, koma mbali yotsalayo ndi yokufikitsani m'mphepete mwa msewu, osati ku Limbe.

Nanga pedulo ikalimba ngati mwala, galimoto osaima?

Kawirikawiri ndi booster, kapena paipi yake yokoka mpweya yang'ambika. Zimitsani injini, popani pedulo mpaka ilimbe, igwireni, ndipo lizani injini. Pedulo iyenera kutsika pang'ono. Ikapanda kutsika, booster siikugwira ntchito. Pa galimoto za dizilo mphamvu ya booster imachokera ku vacuum pump, pampu yokoka mpweya, ndipo pa ma Hiace ena akale pampu imeneyi ili kumbuyo kwa alternator, choncho lamba akaduka mabuleki nawo amalimba.

Ndi chifukwa chomwechi kuzimitsa injini pa mtsetse pofuna kusunga mafuta kuli kusewera ndi moyo. Booster imakusungirani mphamvu yopondera kawiri kapena katatu basi.

Chifukwa chiyani mabuleki amathawa pa mtsetse, pomwe pokwera anali bwinobwino?

Funso ili ndilo lalikulu kwa ife a kuno. Dera lathu ndi la zitunda ndi mitsetse. Amene anatsikako msewu wochoka pa boma la Thyolo kudzera ku Makwasa ndi Thekerani kulowera ku Muona, kapena mapiri a ku Chikwawa potsikira pa Thabwa, akudziwa fungo lija la mapadi opsa lomwe limakulandirani m'makona.

Mukatsika mtsetse wautali phazi lili pa buleki osachotsa, kutentha kumaunjikana msanga kuposa momwe mphepo ingakuchotsere. Choyamba mapadi amapsa n'kuyamba kuterera pa disiki: pedulo imakhala yolimba ndithu, koma galimoto ikungopita. Mukapitiriza, kutentha kumalowa mu caliper n'kuwiritsa brake fluid. Fluid yowira imatulutsa nthunzi, nthunzi imafinyika ngati mpweya, pedulo n'kugwera pansi yopanda kanthu. Chomvetsa chisoni n'choti zikazizira pedulo imabwerera, mwini galimoto n'kumati zinangochitika, ena mpaka kuganizira achibale. Palibe anakulodzani, bwana. Ndi fluid yakale, katundu wochuluka, ndi phazi.

Katundu ndiye tisamachite kubisa. Sienta anaipangira anthu asanu ndi awiri. Mukaikamo anthu khumi, matumba a chimanga, mikoko ya nthochi ndi nanazi pamwamba, mabuleki ndi omwe aja, koma kutentha koti achotse kwachuluka. Liwiro ndiye loipa koposa: mukaliwirikiza kawiri, kutentha ndi mtunda woimira zimawirikiza kanayi.

Mankhwala ake ndi giya. Tsikani ndi giya yomwe mukanakwerera mtunda womwewo. Pa manual, yachitatu kapena yachiwiri. Pa automatic, chotsani pa D muike pa 2 kapena L, ndipo galimoto zina zimalemba S kapena B. Ikani giyayo musanayambe kutsika, osati galimoto itathamanga kale. Injini idzalira mokweza, ilekeni ilire, siikuwonongeka. Buleki muziiponda mwamphamvu kwa kanthawi kochepa n'kuisiya ipume, osati kuikhudza pang'onopang'ono njira yonse. Mukamva fungo, imani pamalo otetezeka, ikani mwala ku tayala, dikirani. Musathire madzi pa disiki yotentha, imapindika kapena kung'aluka.

Mabuleki akathawa ndili pa liwiro, ndichite chiyani?

Chotsani phazi pa moto. Popani pedulo mofulumira, nthawi zina imagwirako. Tsitsani magiya imodziimodzi, osadumpha kuchoka pa 5 kupita pa 1. Kokani handibuleki pang'onopang'ono chala chili pa batani lake, kuti matayala akumbuyo akayamba kukhukhuluzika muthe kumasulako. Lizani hutala, yatsani mahazadi. Kiyi musazimitse, chifukwa chiwongolero chimalemera ndipo chikhoza kukiyika. Zikakanika zonse, khuzani mbali ya galimoto ku chipupa cha dothi kapena lowetsani m'tchire lokwera. Bodi amawongola.

Brake fluid yatsika m'kabotolo. Ndingothiramo ina?

Dzifunseni kaye kuti yapita kuti, chifukwa fluid siipsa ngati petulo. Mapadi akamadyeka, mapisitoni a mu caliper, omwe amakankha mapadiwo, amatuluka kwambiri ndipo fluid imatsika pang'ono kukadzaza malo amenewo. Kutsika kotere kukukuuzani kuti muone mapadi. Koma ngati mukuthira sabata iliyonse, ikudontha, bwererani ku funso la pedulo yomira.

Mtundu wake walembedwa pa chivindikiro cha kabotolo. Galimoto zambiri zochokera ku Japan zimafuna DOT 3 kapena DOT 4. DOT 3 yatsopano siiwira isanafike madigiri 205, DOT 4 madigiri 230. Ziwirizi zimasakanizika, ndipo kuno kumapiri ine ndimakonda DOT 4. Ya DOT 5 ndi ya mtundu wina, musaisakanize ndi zimenezi.

Vuto la fluid n'loti imamwa chinyezi cha mumpweya. Ikamwa mokwanira, DOT 3 ikhoza kuwira pa madigiri 140 okha, DOT 4 pa 155. Ganizirani tsono chinyezi cha kuno kumunsi kwa phiri la Mulanje. Sinthani yonse pakatha zaka ziwiri zilizonse. Ambiri amasintha oilo wa injini mokhulupirika, koma fluid ikadali yomwe galimoto inabwera nayo pa doko la Dar es Salaam, yakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Gulani botolo lomata, osati yopungulira m'kabotolo ka chakumwa pamsika, ndipo ikadonthera pa penti tsukani msanga ndi madzi chifukwa imasupula.

Fluid yandithera kumudzi. Anzanga akuti madzi a sopo kapena mafuta ophikira amagwira. N'zoona?

Pedulo imalimbadi, n'chifukwa chake bodzali silikutha. Koma madzi amawira pa madigiri 100, kutanthauza kuti mtsetse woyamba womwewo mulibe buleki, ndipo amadyetsa dzimbiri mapisitoni. Mafuta aliwonse, kaya ophikira, a injini kapena a gearbox, amatupitsa malabala onse a m'mabuleki. Ikabwera galimoto yotere timasintha malabala kuyambira ku master cylinder mpaka ku matayala, ndipo mtengo wake umaposa kutali ndalama yotumira wa kabaza kukagula botolo pa Chitakale kapena pa Limbuli.

Chimodzimodzi kutseka paipi yodontha ndi msomali kapena kuipinda ndi pulayala. Ndinalandirapo minibasi yomwe inayenda miyezi ndi tayala limodzi lakumbuyo lotsekedwa chotero, mwini wake osadziwa, dalaivala atangozolowera kuwongolera kumanja akamaponda. Sindinagone bwino tsiku limenelo poganiza anthu omwe inkanyamula.

Galimoto ikukokera mbali imodzi ndikaponda, ndipo tayala limodzi limatentha kwambiri.

Yambani ndi mpweya wa m'matayala, ndi zaulere. Ukakhala wofanana, ganizirani caliper. Imayenda pa timapini tiwiri tokhala ndi girizi, totetezedwa ndi timalabala. Timalabalato tikang'ambika, matope ofiira athu ano amalowa, pini n'kuuma. Pisitoni nayo imachita dzimbiri n'kukana kubwerera. Caliper yojama ikugwira imatenthetsa tayala, imadya mafuta ndipo imanunkha. Yojama osagwira imachititsa galimoto kukokera mbali inayo, yomwe ili bwino, choncho musathamangire kumasula mbali yomwe ikukokerayo.

Mukayenda pang'ono, yandikizani dzanja ku limu iliyonse osakhudza, mudzamva lotentha kuposa anzake. Kukonza kwake ndi kutsuka mapini, kupaka girizi wa mabuleki yemwe satupitsa mphira, ndi kusintha malabala. Nthawi zina wolakwa ndi paipi yamphira yomwe yafwafwanizika mkati, ikulola fluid kupita koma osabwerera. Padi yonyowa ndi oilo kapena fluid nayo imakoketsa, ndipo yotero siichapidwa, imatayidwa.

Chiwongolero chimanjenjemera ndikaponda buleki pa liwiro.

Madisiki akutsogolo sakufanananso makulidwe, kapena apindika. Zimabwera ndi kutentha, ndi kulowa m'madzi disiki ili yamoto, komanso ndi kumanga manati a tayala mopyola muyeso, kuja anyamata amachita kukwera pa sipanala atalumikiza chipaipi. Galimoto zing'onozing'ono za Toyota zimafuna 103 Nm basi pa sipanala yoyezera mphamvu yomangira, pomanga modumphitsa ngati nyenyezi.

Disiki ikhoza kupalidwa pa makina, koma m'mphepete mwake munalembedwa MIN TH ndi nambala, omwe ndi makulidwe omalizira. Ikapalidwa kupyola pamenepo imatentha msanga, ndiye bola kugula ina, ziwiri zonse za kutsogolo nthawi imodzi. Ngati chiwongolero chimanjenjemera ngakhale musanaponde buleki, nkhani ndi ya matayala kapena mabushi, osati ya tsamba lino.

Ndawoloka madzi, mabuleki sakugwira bwino.

Madramu amasunga madzi kuposa madisiki. Mukatuluka m'madzi, yendani pang'onopang'ono mukuponda buleki mopepuka kangapo mpaka igwire, musanafike pomwe mukuifunadi. Matope ndiye ena. Namondwe wa Freddy atadutsa mu March 2023, galimoto zambiri zomwe zinayenda m'misewu yokokoloka zinkabwera madramu atadzaza mchenga, mashuzi atadyeka ngati apalidwa ndi tupa. Dzinja likatha, tsegulitsani madramu atsukidwe.

Handibuleki ikukwera mpaka kumwamba koma galimoto ikutsetserekabe.

Pa galimoto zambiri iyenera kugwira ikalira kasanu ndi kamodzi mpaka kasanu ndi kanayi. Cholakwika chomwe ambiri amachita ndi kumangitsa chingwe chokha. Yambani ndi kumbuyo: onani mashuzi ngati atsala, ayandikizitseni ku dramu, chingwe chibwere pomaliza. Poimika pa mtunda siyani galimoto m'giya kapena pa P, matayala mutawakhotetsera kumbali. Galimoto ikakhala masabata osayenda nthawi ya mvula, handibuleki musaikoke, mashuzi amamatirira ku dramu. Ikani miyala.

Nyali ya mabuleki yayaka pa dashibodi. Yofiira ndi ya ABS zikusiyana bwanji?

Yofiira, ya chizindikiro chofuulira m'kati mwa bwalo, imayaka handibuleki ikakokedwa kapena fluid ikatsika. Ikayaka handibuleki ili pansi, imani muone kabotolo. Yachikasu yolembedwa ABS ikutanthauza kuti mabuleki wamba alipo, koma chothandiza kuti matayala asakhukhuluzike chazima. Kawirikawiri ndi sensa ya pa tayala yomwe yakutidwa ndi matope kapena waya wake waduka. Makina owerengera kompyuta ya galimoto amanena tayala lake. Osalola munthu kuchotsa babu kapena kumata tepi pa nyaliyo, zomwe ena amachita pokonzekera COF, kuyezetsa galimoto ngati ili yoyenera kuyenda pamsewu. Zikayaka zonse ziwiri pamodzi, galimoto isayende.

Mukaponda mwadzidzidzi pa msewu wonyowa n'kumva pedulo ikugunda phazi kuti gu-gu-gu, imeneyo ndi ABS ikugwira ntchito. Musachotse phazi ndipo musapope.

Kodi ndingasinthe ndekha mapadi?

Mungathe, ngati muli ndi zida ndi mtima wodekha. Imikani pamalo athyathyathya, tsekerani matayala, ndipo galimoto isakhale pa jeke yokha, ikani chochirikiza cholimba, osati njerwa zomwe zimaphwanyika. Masulani bawuti ya m'munsi ya caliper, itukuleni, ndipo musailekerere kulendewera pa paipi yake, imangirireni ndi waya. Bwezani pisitoni pang'onopang'ono mukuyang'ana kuti fluid isasefukire m'kabotolo. Chitani mbali imodzi kaye kuti inayo ikhale chitsanzo, koma sinthani mbali zonse ziwiri tsiku lomwelo. Fumbi la mabuleki musaliuzire ndi pakamwa kapena ndi kompulesa, mapadi ndi mashuzi ena amakhala ndi asbestos yemwe amawononga mapapo. Pukutani ndi kansalu konyowa.

Mukamaliza, popani pedulo mpaka ilimbe musanasunthe galimoto. Woiwala zimenezi amakaima pa mpanda wa aneba. Za madramu, zomwe zili ndi masipuling'i ambiri, ndi za master cylinder, asiyireni amakaniko.

Kubulida n'kutani, ndipo kumafunika liti?

Ndi kutulutsa mpweya m'mapaipi. Kumafunika paliponse pomwe paipi yamasulidwa, kabotolo kauma, kapena mukusintha fluid. Kungosintha mapadi sikufuna kubulida. Pamafunika anthu awiri: wina amapopa n'kugwira pedulo, wina amamasula kabawuti kotulutsira pa tayala, n'kukamanganso mnzakeyo asanachotse phazi. Amabwereza mpaka fluid ituluke yopanda thovu. Pa galimoto zambiri timayamba ndi tayala lakutali ndi master cylinder n'kumalizira lapafupi. Kabotolo kasaume pakati pa ntchito, kakauma mwayambiranso.

Mapadi otchipa ndi omata aja ali ndi vuto lanji?

Ndikudziwa mmene ndalama ikuvutira, ndipo sindinena kuti aliyense agule a kampani yomwe inapanga galimoto. Alipo apakati abwino ndithu m'mashopu a ku Limbe. Omwe ndimakana ndi opanda dzina lililonse pa bokosi, ndi akale omwe amamatidwanso mnofu ndi guluu kuseri kwa msika. Mnofu wotere umatha kusupuka wonse ukatentha, ndipo umatentha pa mtsetse pomwe mukuufunitsitsa. Ena ndi ouma kwambiri moti amakhalitsa, mwini n'kumayamikira, pomwe akudya disiki. Pokagula tengani padi yakale kapena nambala ya chassis, chifukwa galimoto za dzina limodzi zimasiyana mapadi malinga ndi chaka.

Ndasinthitsa mapadi koma sakugwira ngati akale. Andibera?

Mwina ayi. Padi yatsopano imafunika kuzolowerana ndi disiki. Pezani msewu wowongoka wopanda anthu, thamangani mpaka makilomita 60 pa ola, pondani mpaka mutsike pa 20 osaimiratu, bwerezani kasanu ndi katatu kapena kakhumi mukusiya mpata woti zizizire. Makilomita 200 kapena 300 oyambirira pewani kuponda mwankhanza ndi kunyamula katundu wolemera, ndipo ulendo wa ku Thekerani uyambe wadikira. Koma ngati pedulo ili yofewa kapena ikumira, kumeneko si kuzolowerana. Bwererani kwa amene anakonzayo tsiku lomwelo, ndipo mukapemphe kuona mapadi akale omwe anachotsa.